Mbiri ya anthu amene analedzera ndi madzi

M'mabwalo a mafumu ndi pamaso pa ankhoswe pali mawu awiri amene amamveka kawirikawiri munthu akalakwa ataledzera: "Unali mowa." Munthu wamenya mkazi wake, watukwana apongozi, mwina waswa chitseko cha mnansi, ndipo kutacha akubwera atazyolika n'kunena kuti sanali iye. Anthu ambiri amawalandira mawuwa chifukwa amakhulupirira kuti m'botolo muli mphamvu imene imalanda munthu ufulu wake wonse n'kumugwiritsa ntchito ngati chida. Kwa zaka zoposa 50 tsopano, akatswiri a za maganizo a munthu akhala akuyesa chikhulupiriro chimenechi m'njira yachilendo: amapatsa munthu chakumwa chopanda mowa n'kumuuza kuti ndi mowa, wina n'kumupatsa mowa akumuuza kuti ndi chakumwa wamba, kenako n'kuona chimene chichitike. Ife amene chipembedzo chathu chinatiletsa mowa tikhoza kuganiza kuti nkhaniyi ndi ya eni ake. Komabe ana athu akukulira pakati pa omwa, ndipo ena mwa abale athu anakodwa kale, choncho mbiri imeneyi ikutikhudza.

Njira yoyesa mphamvu ya maganizo mwa kubisira munthu chimene wapatsidwa inayamba kale kafukufuku wa mowa asanayambe. M'chaka cha 1784, mfumu Louis XVI ya ku France inasankha gulu la anthu ophunzira kuti lifufuze machiritso a Franz Anton Mesmer, dokotala amene anafika mu Paris kuchokera ku Vienna akunena kuti m'chilengedwe muli mphamvu yosaoneka, yonga ya maginito, imene iye ndi ophunzira ake akhoza kuilowetsa mwa odwala, m'mitengo ngakhale m'madzi. Odwala ake ankanjenjemera, ena n'kukomoka, ndipo ambiri ankati achira. M'gulu lofufuzalo munali Benjamin Franklin ndi Antoine Lavoisier. Pa kuyesa kwina anapatsa mayi wina makapu a madzi motsatizana, mayiyo akudziwa kuti imodzi mwa makapuwo yaikidwa mphamvu ija. Iye anagwidwa ndi kunjenjemera atafika pa kapu ya madzi wamba. Atatsitsimuka anapempha madzi akumwa, ndipo anamupatsa kapu yeniyeni imene inali itaikidwa "mphamvu", koma anamwa mwabata chifukwa sankadziwa. Gululo linagamula kuti zimene zinkachitikira odwalawo zinali zenizeni, koma gwero lake linali m'malingaliro awo.

Patapita zaka 15, zofananazo zinachitika ku England. Elisha Perkins wa ku Connecticut, ku America, anali atapanga timitengo tiwiri tachitsulo timene ankati tikasisitidwa pa malo opweteka timakoka matenda kuwatulutsa m'thupi, ndipo tinkagulitsidwa pa mtengo wokwera kwambiri. Mu January 1799, dokotala John Haygarth wa mumzinda wa Bath anasema timitengo ta matabwa n'kutipaka utoto kuti tioneke ngati tachitsulo tija, ndipo anatiyesa pa odwala nyamakazi asanu. Anayi mwa iwo ananena kuti ululu wachepa. Tsiku lotsatira anagwiritsa ntchito tachitsulo tenitenito, ndipo zotsatira zake sizinasiyane. M'chaka cha 1800 anasindikiza kabuku kofotokoza kuti malingaliro a munthu akhoza kuyambitsa matenda m'thupi ndiponso kuwachepetsa.

Mankhwala oyerekezera oterewa madokotala amawatchula kuti placebo, liwu la Chilatini limene tanthauzo lake ndi "ndidzakondweretsa". Liwuli linatchuka kwambiri m'chaka cha 1955 pamene Henry Beecher wa ku Harvard analemba kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse amapeza bwino akalandira mankhwala opanda mphamvu. Akatswiri a pambuyo pake anatsutsa chiwerengero chimenechi, ponena kuti Beecher anawerengera limodzi ndi anthu amene akanachira okha. Ngakhale zinali choncho, kuyambira nthawi imeneyo chinakhala chizolowezi kuti mankhwala atsopano aziyesedwa powayerekeza ndi placebo. Cholinga cha madokotala chinali kuchotsa gawo la maganizo kuti aone mphamvu ya mankhwala paokha. Ofufuza za mowa ndi amene anatembenuza funsoli, n'kufuna kudziwa kukula kwa gawo la maganizolo.

Chimene chinawakankha chinali chiphunzitso chimene chinali chitazika mizu ku America ndi ku Ulaya. Bungwe la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron m'chigawo cha Ohio, linkaphunzitsa kuti chidakwa chikangolawa tambula yoyamba sichingathe kuima. M'chaka cha 1960, E. M. Jellinek anasindikiza buku lake lotchedwa The Disease Concept of Alcoholism, limene linathandiza kuti uchidakwa uzionedwa ngati matenda. Ambiri anamva chiphunzitsochi motere: dontho loyamba la mowa likalowa m'magazi a chidakwa limadzutsa chibaba cha m'thupi chimene munthu sangalimbane nacho. Chiphunzitsochi chinali ndi chifundo chake, pakuti chinachotsa manyazi ena pa odwala n'kuwatsegulira khomo la chipatala, koma panalibe amene anali atachiyesa mosamala. Mu 1966, dokotala wina wa ku Britain dzina lake Julius Merry analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti ankapatsa odwala uchidakwa ochepa chakumwa cha mavitamini m'mawa uliwonse, ndipo masiku ena ankathiramo vodka pang'ono iwo osadziwa. Chibaba chawo pa masiku a vodka sichinakule kuposa pa masiku enawo.

Kafukufuku amene anatchuka koposa ndi wa m'chaka cha 1973, wochitidwa ndi G. Alan Marlatt, Barbara Demming ndi John Reid ku Wisconsin. Anasonkhanitsa amuna 32 amene anali zidakwa zimene zinali zisanasiye kumwa, ndi amuna ena 32 omwa mwa apo ndi apo. Anawauza kuti ntchito yawo ndi kulawa zakumwa zitatu n'kunena kakomedwe kake, ndipo anali ndi ufulu womwa monga afunira kwa mphindi 15. Chimene ofufuzawo ankayeza mwachinsinsi chinali kuchuluka kwa zimene munthu aliyense wamwa. Anali atapeza kuti gawo limodzi la vodka likasakanizidwa ndi magawo asanu a tonic, amene ndi madzi otsekemera owawirako, n'kuziziritsa bwino, lilime silitha kuzindikira kuti muli mowa. Ndiye anagawa anthuwo m'magulu anayi. Gulu loyamba linauzidwa kuti ndi mowa ndipo unalidi mowa. Lachiwiri linauzidwa kuti ndi mowa koma anali tonic yekha. Lachitatu linauzidwa kuti ndi tonic koma munali vodka. Lachinayi linauzidwa kuti ndi tonic ndipo analidi tonic.

Chikhala kuti chiphunzitso cha dontho loyamba chinali choona monga chinkamvekera, zidakwa za m'gulu lachitatu, zimene mowa unalowa m'magazi mwawo mobisika, zikanamwa mosaima, ndipo za m'gulu lachiwiri zikanaleka msanga. Zotsatira zake zinali zosiyana ndi zimenezo. Zidakwa zimene zinauzidwa kuti zikumwa mowa zinamwa pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi zimene zinauzidwa kuti zikumwa tonic, ndipo kukhalamo kapena kusakhalamo kwa vodka sikunasinthe kwenikweni kuchuluka kwa zimene anamwa. Mawu amene munthu anamva asanagwire tambula ndi amene analamulira dzanja lake. Njira ya magulu anayiyi inali itagwiritsidwapo ntchito mu 1962 poyesa mankhwala ena, koma kafukufuku wa 1973 ndi amene anaikhazikitsa pa nkhani ya mowa, ndipo mu 1980 Marlatt ndi Damaris Rohsenow anaifotokoza mwatsatanetsatane pansi pa dzina lakuti balanced placebo design.

Funso lotsatira linali la nkhanza, limene ndi lofunika kwambiri kwa amene amamenyedwa. Mu 1975, Alan Lang pamodzi ndi Marlatt ndi anzawo ena awiri anayesa anyamata 96 okonda kumwa, m'magulu anayi omwe aja. Atamwa, aliyense anapatsidwa mwayi wolanga munthu wina ndi mphamvu ya magetsi pamene munthuyo walakwitsa ntchito imene anapatsidwa. Magetsiwo sankafika kwa munthuyo, amene anali mnzawo wa ofufuza, koma anyamatawo sankadziwa. Amene ankakhulupirira kuti amwa mowa anasankha magetsi amphamvu ndipo anawagwiritsa kwa nthawi yotalikirapo, ngakhale amene anamwa tonic yekha. Mowa weniweniwo unaonekera pa chinthu china: amene anaumwa ankachedwa kuchitapo kanthu akapatsidwa chizindikiro, kaya akudziwa kuti amwa kaya ayi. Marlatt atasamukira ku yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle anamanga chipinda chofanana ndendende ndi malo omwera mowa, chimene chinatchedwa BARLAB, ndipo mmenemo ophunzira opatsidwa zakumwa zopanda mowa ankayamba kukweza mawu, kuseka ndi kumasukirana ngati anthu amene akhuta.

Akatswiri a za chikhalidwe cha mitundu ya anthu anali atafika kale pafupi ndi mfundo yomweyi podzera njira ina. Mu 1969, Craig MacAndrew ndi Robert Edgerton anasindikiza buku lotchedwa Drunken Comportment, mmene anasonkhanitsa malipoti a mmene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amachitira akaledzera. Anapeza kuti kudzandira, kulemera kwa lilime ndi kugwa n'zofanana kulikonse, koma khalidwe la oledzera n'losiyana kwambiri. Chitsanzo chimodzi chinali cha anthu otchedwa Camba a kum'mawa kwa Bolivia, amene Dwight Heath anawafotokoza mu 1958: ankamwa mowa wotcheza wa nzimbe waukali kwambiri mpaka kugona pomwepo, koma ndewu ndi kutukwanana sizinali mbali ya madyerero awo. Kumene oledzera amachita nkhanza, olembawo anaona kuti nkhanzazo zimakhala ndi malire ake ndipo zimasankha wozigwera. Mfundo yawo inali yakuti anthu amaphunzira kwa anzawo mmene munthu woledzera amachitira, ndipo mitundu yambiri imapereka kwa woledzera kanthawi kopumulira ku malamulo, podziwa kuti mawa adzakhululukidwa. Ifenso tikudziwa kuti munthu amene watukwana mudzi wonse usiku amatsitsa mawu akaona wapolisi kapena bwana wake wa kuntchito.

Apa tiyenera kusamala kuti mbiriyi isatinamize, chifukwa siikunena kuti mowa ndi madzi. M'chaka cha 1986, Jay Hull ndi Charles Bond anaunika pamodzi kafukufuku wambiri wa magulu anayi amene anali atachitika kufikira nthawiyo. Anapeza kuti chikhulupiriro chakuti wamwa chimakhudza kwambiri makhalidwe amene anthu amawaletsa, monga kuwonjezera kumwa ndi chilakolako cha chiwerewere, pamene mowa weniweni umawononga kuganiza, kukumbukira ndi kayendetsedwe ka manja ndi miyendo, kaya munthu akhulupirire zotani. Pa nkhani ya nkhanza, kafukufuku wa pambuyo pake sanagwirizane yense ndi wa 1975, ndipo kuunika kwa Brad Bushman ndi Harris Cooper mu 1990 kunasonyeza kuti mowa weniweni umawonjezera nkhanza. Komanso chinyengo cha tonic chimagwira ntchito pa mowa wochepa, pakuti munthu akapatsidwa wambiri thupi limamuuza, ndipo ambiri mwa oyesedwawo anali anyamata a m'mayunivesite a ku America. Dalaivala woledzera amapha anthu ngakhale atakhulupirira kuti ali bwino, ndipo chiwindi chimawonongeka popanda kufunsa maganizo a mwini wake. Chimene mbiriyi yatsimikiza ndi chakuti mu kuledzera muli magawo awiri osakanikirana, la m'botolo ndi la m'mutu, ndipo la m'mutulo ndi lalikulu kuposa mmene anthu ankaganizira.

Kafukufuku wa zaka za pambuyo pake anawonjezera zina. Mu 2003, Seema Assefi ndi Maryanne Garry a ku yunivesite ya Victoria mumzinda wa Wellington, ku New Zealand, anapatsa ophunzira 148 tonic yekhayekha, koma theka la iwo anauzidwa kuti muli vodka. Onse anaonetsedwa zithunzi za munthu akuba, kenako anawerengetsedwa nkhani ya kubako imene inali ndi mfundo zina zabodza. Amene ankaganiza kuti amwa mowa ananyengeka mosavuta ndi zabodzazo, ndipo anali otsimikiza kwambiri pa mayankho awo olakwika. Ku Grenoble, m'dziko la France, Laurent Bègue ndi anzake anapempha amuna kuti alankhule pamaso pa kamera atamwa, kenako adziyese okha. Amene ankakhulupirira kuti amwa mowa anadziona ngati okongola, anzeru ndi osangalatsa, koma anthu ena amene anaonera mafilimuwo osadziwa chilichonse sanaone kusiyana. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2013.

Ngati gawo lina la kuledzera limaphunziridwa, ndiye kuti limaphunziridwa pa nthawi inayake, ndipo apa nkhaniyi ikufika kwa ife aphunzitsi ndi makolo. Mark Goldman ndi anzake, m'zaka za m'ma 1980, anasonyeza kuti ana amakhala ndi ziyembekezo za mowa asanaulawe n'komwe: amakhala atamva kale kuti umachotsa manyazi, umalimbitsa mtima ndipo umakometsa macheza. Anapezanso kuti achinyamata amene ali ndi ziyembekezo zotere zamphamvu ndi amene amayamba kumwa msanga ndi kumwa kwambiri. Mu 1993, Jack Darkes ndi Goldman anayesa kugwetsa ziyembekezozi ku yunivesite ya South Florida. Anasonkhanitsa anyamata okonda kumwa, ena n'kuwapatsa mowa, ena chakumwa choyerekezera, n'kuwasiya asewere ndi kucheza, ndipo pamapeto anawafunsa kuti aloze amene wamwa mowa weniweni. Ambiri analakwitsa, ena ngakhale pa za iwo eni. Ataona ndi maso awo kuti chisangalalo chija sichinachokere m'botolo, kumwa kwawo kunatsika m'masabata otsatira. Mwana wa ku madrasa amene sanagwirepo botolo amaona pa kanema, pa zikwangwani za malonda ndi m'nthabwala za akuluakulu kuti womwa ndi munthu womasuka ndi wokondedwa. Kumuuza kuti mowa ndi haramu n'koyenera, ndipo n'kothandizanso kumuonetsa kuti zambiri zimene mowa umalonjeza munthu amakhala nazo kale.

Maulama athu akale analibe zipinda zoyesera, koma nkhani ya maonekedwe a kumwa anaiganizira. Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, m'buku lake la Ihya Ulum al-Din, m'chigawo chonena za kumvera nyimbo, anapereka chitsanzo cha anthu amene akonza bwalo monga la omwa mowa, abweretsa zikho zake, aika wothira wozungulira nazo, akupatsana moni wa omwa, koma m'zikhomo muli sakanjabin, chakumwa chololedwa chopangidwa ndi viniga ndi uchi kapena shuga. Iye anagamula kuti bwalo lotero n'loletsedwa ngakhale chakumwacho ndi halali, chifukwa cha kudzifananiza ndi anthu oipa. Chifukwa chimene anapereka ndi cha chipembedzo, ndipo sitikufuna kumusandutsa wasayansi wa masiku ano. Koma n'zochititsa chidwi kuti bwalo limene iye anafotokoza likufanana kwambiri ndi chipinda cha Marlatt ku Seattle, chimene chinasonyeza kuti malo, ziwiya ndi mwambo zimasintha khalidwe la munthu ngakhale mowa palibe. Masiku ano, pamene m'masitolo muli mabotolo ooneka ngati a mowa olembedwa kuti mulibe mowa, funso la al-Ghazali labweranso, ndipo woliyankha ayenera kuyang'ana zonse ziwiri, zimene zili m'botolo ndi bwalo limene botololo likumwedwera.

Mbiriyi ikutipatsa zinthu ziwiri zoti tigwire. Choyamba chikukhudza mawu aja akuti "unali mowa". Ambiri mwa akatswiri a fiqhi anagamula kuti munthu amene waledzera mwa kufuna kwake sachotseredwa mlandu wa zimene wawononga kapena wa munthu amene wamuvulaza. Kafukufuku wa zaka zonsezi akuwonjezera kuti mudzi umene umalandira mawu amenewa mosavuta umakhala ukuphunzitsa omwa ake kuti botolo ndi chilolezo, ndipo amene amalipira ndi mkazi ndi ana a m'nyumbamo. Ankhoswe ndi atsogoleri a pa mzikiti akamaweruza nkhani zotere ayenera kukumbukira kuti kukana chowiringulachi ndi njira imodzi yochepetsera nkhanza za mawa.

Chachiwiri chikukhudza m'bale amene akulimbana ndi kumwa. Marlatt, amene anamwalira mu 2011, anathera zaka zambiri akuphunzira za anthu amene anasiya mowa n'kubwereranso, ndipo mu 1985 iye ndi Judith Gordon anatulutsa buku lotchedwa Relapse Prevention. Anaona kuti munthu amene wapunthwa kamodzi, akakhulupirira kuti zonse zatha ndipo iye ndi wolephera mwachibadwa, chikhulupiriro chimenecho chimamukankhira ku tambula yachiwiri ndi yachitatu. Amene amaona kupunthwako ngati cholakwa chimodzi chimene chikhoza kukonzedwa amakhala ndi mwayi wokulirapo woimirira. Sitigwirizana ndi Marlatt pa zonse, pakuti iye ankavomereza kuti ena angathandizidwe pongochepetsa kumwa, pamene kwa ife malire ndi kusalawa n'komwe. Tiyeneranso kunena kuti thupi limene lazolowera mowa kwa zaka zambiri likhoza kudwala koopsa munthu akasiya mwadzidzidzi, choncho wotereyu afunika kupita kuchipatala. Koma pa mfundo yakuti kugwa kamodzi sikutseka njira yobwerera, zimene anapeza zikugwirizana ndi zimene timaphunzitsa za tauba. M'bale wotere akabwera kwa ife mawa lake atagwa, tisamuuze kuti analibe mphamvu iliyonse, ndipo tisamupirikitse. Timuuze kuti walakwa, kuti tambula yachiwiri ikadali m'manja mwake kuikana, ndipo timuperekeze kumene angapeze thandizo.